Chitseko Choperekeza M'khoma

Mlendo uja anafika Lolemba m'mawa, mphepo ya mu Ogasiti ikukokolola fumbi pa milu ya mchenga wa kumgodi n'kumalithira pa madenga a ku Mooinooi. Mayi Anna ankayanika zofunda za amuna awo pamene anamuona ataima pageti, chikwama cha zipangizo chili paphewa, levulo yachikasu yoyezera kuwongoka kwa khoma itasuzumira kunja ngati mchira. Getilo silinali lokhoma. Ana a mumzere wa nyumbazo ankangolikankha ndi bondo. Koma iye anaima kunja, manja onse awiri atagwira lamba wa chikwama.

"Odi kunoo!"

Anali odi wa kumudzi, wokoka kumapeto. Mayi Anna anali atatha zaka makumi atatu ku Joni, koma odi wotere ankawalowabe mpaka mumtima. Anapukuta manja pachitenje n'kukamutsegulira. Mnyamatayo anali wamtali, wa zaka ngati makumi atatu, wovala ovolosi yabuluu yochapa bwino. Atawaona akuyandikira, anapatuka m'kanjira ka simenti n'kuima pakapinga, maso ali pansi.

"Ndamva kuti muli ndi chitseko chovuta, mayi."

"Mwamva kwa ndani?"

"Nkhani ya chitseko imayenda, ngakhale chitsekocho chili pamodzimodzi."

"Nanga inu ndani?"

"Kuntchito amanditcha Shepherd."

Chitseko chovuta chinalipodi. A Yoswa, amuna awo, anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri osathyoka ngakhale chala, koma atangopuma, matenda ofa ziwalo anawapeza atakhala pampando wawo, sabata ya Pasaka. Mwendo ndi mkono wakumanzere zinangoti zii. Anatuluka kuchipatala ali pachikuku, ndipo chikukucho chinakana kulowa kuchipinda. Khomo linali lopapatiza, komanso chitseko chinkatsegukira m'kakhonde kam'kati, n'kutseka malo onse okhotera. Kwa miyezi iwiri mayi Anna ankawanyamula m'khwapa kuwadutsitsa pamenepo, mpaka msana wawo unawakanira. Kuyambira pamenepo a Yoswa ankagona pasofa pabalaza, ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe.

Mayi Anna anaganiza kuti mmisiriyo watumidwa ndi a kumpingo, kumene a Yoswa anali mkulu wa mpingo. A Yoswa anaganiza kuti watumidwa ndi anzawo akale a kumgodi. Aliyense anasunga ganizo lake, poti m'nyumbamo kulankhulana kunali kutachepa.

Kunachepa chifukwa cha Linnet, mwana wawo mmodzi yekha. Pa Khirisimasi, atatha kudya, Linnet anagwada pafupi ndi bambo ake n'kunena kuti pali munthu amene akufuna kutumiza ankhoswe. Anati ndi wa ku Mangochi, wogwira maganyu, ndipo ndi Msilamu. Sanafike pa dzina. A Yoswa anamenya tebulo.

"Dzina lake sindikufuna kulimva. Ndipo munthu ameneyo, ine ndili moyo, sadzatsegula chitseko cha nyumba ino."

"Ngati iye salowa, inenso sindilowa," anatero Linnet, chifukwa mutu wouma anatengera kwa bambo ake omwewo.

Anakachita lendi ku Bapong, komwe ankagwira ntchito yoluka tsitsi. Kuchipatala anapitako, koma a Yoswa anatembenukira kukhoma. Ndi mayi ake ankalankhula pafoni, mwachidule, amuna awo akagona masana. Tsiku lina mayi Anna anamunong'oneza kuti, "Ndiuze ine ndekha dzinalo." Linnet anati, "Mudzalimva tsiku limene adadi adzalifunse okha." Miyezi isanu ndi itatu inali itapita mwanayo asanaponde m'nyumbamo, ndipo a Yoswa anali atasiya kuitana akazi awo kuti make Linnet. Ankangoti a Naphiri, ngati masiku a chibwenzi, koma mopanda kukoma kwake. Mayi Anna sankapempha zambiri kwa Mulungu. Ankangofuna kumva mwana wawo akugwetsa masupuni kukhitchini monga kale.

Pakhomo la nyumba mmisiri uja anaimanso, mpaka mayi Anna anamutsegulira. Anagwadira a Yoswa, kenako anapita m'kakhonde n'kuyamba kugogoda khoma ndi nkhonya, khutu lili pafupi. Go go. Gu gu. Go go.

A Yoswa anatukula mutu. Anayendetsa chikuku ndi dzanja lamoyo lija mpaka pakamwa pa kakhonde.

"Ukumvera chiyani, mfana?"

"Pamene pali thabwa ndi pamene pali mphako, madala."

"Gogodanso apo." Anatseka maso. "Apo pali mphako. Apo thabwa. Apo pali china, koma si thabwa."

"Ndi waya wa magetsi, wopita ku switchi."

A Yoswa anaseka, koyamba chiyambire chisanu. "Ife kumgodi tinkagogoda mwala wa pamwamba ndi chitsulo tisanalowe. Ukalira ngati belu, lowa. Ukalira ngati ng'oma, basopa, bwerera. Amene sankamvera mwala tinawaika kale."

Nyumbayo inali ya zija kampani inamangira antchito ake kalekale, njerwa kunja, koma makoma am'kati a mabolodi okhomera pa matabwa. Mmisiri anakwera m'siling'i ndi tochi kukaona ngati khomalo linasenza denga. Anatsika ali mbuu, akumwetulira.

"Silinasenze kanthu. Tikhoza kulibowola. Khomo tilikuza kuti chikuku chizidutsa, ndipo chitseko chizilowa m'kati mwa khoma."

"M'kati mwa khoma? Ngati khoswe?"

"Pamwamba timaika kanjanji, chitseko n'kulendewera pa timawilo. Kungoti chimafuna malo awiri: podutsa anthu, ndi pobisala icho."

"Nanga potsegula ndizigwira pati?"

"Chotere sititi kutsegula, madala. Chilibe chogwirira chopotokola. Mumangoika chala m'kadzenje n'kuchiperekeza m'khoma."

"Kuperekeza," anatero a Yoswa, akulawa mawuwo. "Ngati mlendo."

"Ngati mlendo amene kwawo ndi pafupi."

Lachiwiri kanjanji, matabwa ndi chitseko chatsopano zinabwera pa kagalimoto ka mnzake, kamene kanangotsitsa n'kubwerera. Mmisiri anati ndi zotsala pa ntchito ina ku Rustenburg, zimene mwini wake anamupatsa. Anazimitsa magetsi, n'kujambula mzere pakhoma ndi pensulo. Koma asanadule, anayamba ndi chitseko chakale, ndipo mayi Anna, amene ankasesa chapafupi, anaona chinthu chachilendo. Chitsekocho chinali chotseka. Iye sanagwire chogwirira. Anatenga msomali ndi hamala n'kugogoda timitengo ta mahinjesi kuchokera pansi, kamodzikamodzi, mpaka tonse titatu tinatuluka. Kenako anachikumbatira chitsekocho n'kuchichotsa chili chotseka chomwecho.

"Bwanji osangochitsegula kaye?" anafunsa.

"Chizolowezi, mayi," anayankha, nkhope italoza kukhoma.

Pafupi ndi khomolo, pa bolodi imene inayenera kuchoka, panali timizere ta pensulo tokwera ngati makwerero. A Yoswa ndi amene ankatilemba chaka chilichonse, Linnet ataima chilili, mutu utagunda khoma. Linnet, zaka 4. Linnet, zaka 7. Linnet, zaka 12, waposa amake. Popenta nyumba, mayi Anna ankazungulira pamenepo. Tsopano anaima chapatali, tsache lili m'manja, akudikira kuti hamala itiphwanye.

Hamala sinabwere. Mmisiri anatenga kampeni n'kudula mozungulira timizere tonse, pang'onopang'ono, ngati akusenda papaya lakupsa. Atachotsa chidutswacho anachiuzira fumbi, n'kuyendetsa chala chachikulu pa mzere wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anachedwa pamenepo kuposa mmene mmisiri amachedwera pa bolodi. Kenako anachikulunga m'nsalu n'kuchiimika pakona.

Khoma litatseguka, nyumba inaoneka ngati nyama yosendedwa, nthiti zili pamtunda. M'mphakomo munali zisa zouma za mavu ndi fungo la zaka. A Yoswa sanachoke pakamwa pa kakhonde. Ankalamula ngati kapitawo.

"Shepherd! Thabwa ilo usalidule usanachirikize."

Mmisiri anapitiriza kuyeza. Patapita kamphindi anadzidzimuka. "Madala?"

"Ndati uchirikize kaye. Ngakhale denga lopepuka limafuna ulemu."

"Zoona, madala."

Lachitatu anadula matabwa atatu oimirira, n'kupingasa mtanda wochindikala pamwamba, kuchokera kumapeto a khomo mpaka kumapeto a mphako. Waya wa magetsi anausamutsira mbali ina, switchi n'kuitsitsa kuti munthu wokhala pachikuku aziifikira. Palibe anamupempha zimenezo. Pa mtandawo anamangirira kanjanji, ndipo anatha ola lathunthu akuika levulo, kumasula, kumanganso.

"Kadontho ka m'levulomo kali pakati kale," anatero a Yoswa. "Ukufuna kalowe m'tchalitchi?"

"Kakapendekeka pang'ono, chitseko chizidziyendera chokha. Mudzati m'nyumba muli mizukwa."

"Muli kale mizukwa muno," anatero a Yoswa motsitsa.

Masana mayi Anna anakonza mpunga ndi nkhuku, n'kuika mbale zitatu patebulo. Mmisiri anathokoza, koma anapempha kuti akadyere kuseri, pansi pa mtengo wa mandimu. Mayi Anna anamutengera mbaleyo. Atangowaona akubwera anaimirira, n'kupatukanso panjira, ndipo sanayambe kudya mpaka iwo atalowa m'nyumba. Pa zenera la kukhitchini anamuona atafulatira nyumba, akudya mwakachetechete.

Anaima pasinki, madzi akungotayika.

Anakumbukira kwawo ku Dedza, ali kamtsikana. Mlamu wawo, mwamuna wa achemwali awo, akakumana ndi amayi awo panjira ya kudimba ankalowa m'tchire, ngakhale muli chitedze. Sankadya iwo akuona. Polankhula nawo ankayang'ana kumbali, mawu n'kumapita ku mtengo. Ana ankaseka, koma amayi awo ankati, "Ameneyo ndiye mkamwini. Manyazi akewo ndiwo ulemu wake."

Mmisiri wamba sapewa mayi wa m'nyumba. Amakuyang'ana m'maso n'kupempha tiyi wina. Ndipo za chitsekocho, za msana wawo, mayi Anna sanauzepo a kumpingo. Anauza munthu mmodzi yekha, pafoni, monong'ona.

Anatseka mpopi. Kenako anawerenga m'mutu masiku atatu aja: geti, khomo lakumaso, khomo la kukhitchini. Mnyamatayo ankaima panja ndi matabwa paphewa n'kumati odi, odi, mpaka wina amutsegulire. Sanagwirepo chogwirira chilichonse m'nyumbamo. Mawu a pa Khirisimasi aja anali atamufika onse, ndipo ankawasunga kuposa mwini wake.

Mtima wawo unagunda ngati wa mtsikana wobisa kalata. Kenako mantha anabwera. A Yoswa akadziwa, amuthamangitsa khoma lili pululu, ndipo Linnet sadzabweranso.

Lachinayi m'mawa anakankhira amuna awo panja kuti aothere dzuwa, wailesi ili pamwendo. Mmisiri anali atakhoma kale bolodi mbali ya kuchipinda, iye n'kumagwira ntchito mbali ya kakhonde, akuimika timatabwa topyapyala tosiya mpata wa chitseko pakati. Mayi Anna analowa kuchipinda n'kukhala pabedi, pafupi ndi bolodiyo. Sankaonana. Pakati pawo panali bolodi imodzi ndi mphako.

"Akudya bwino?" anafunsa, osatchula munthu.

Sikuludiraiva inasiya kulira. Kunja njiwa zinkalira pa waya.

"Amadya, mayi." Mawuwo anatulukira m'mphako, ofewa. "Koma tiyi amamwa ataimirira, ngati munthu wodikira tekisi."

"Chibadwire ameneyo." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Chifuwa chija cha nthawi yozizira?"

"Chinabwera mu Juni. Ndinamugulira bulangeti lina. Amakana kuvala masokosi."

"Muzimukakamiza."

"Mumamudziwa, mayi. Amakakamizika?"

Anaseka onse awiri, motsitsa, aliyense mbali yake.

"Wakutumani ndi iye?"

"Ayi. Anangolira atamva za msana wanu. Ine ndinati, khoma ndimalidziwa. Anandiletsa, anati adadi akakudula miyendo. Ndinati akadula nditamaliza. Sindinabwere kudzagula munthu ndi chitseko, mayi. Akandithamangitsa Loweruka, chitseko chikhala chikuyendabe. Kungoti kwathu mkamwini amayamba waonetsa manja ake. Ine munda woti ndikulimireni kuno kulibe."

"Mukudziwa kuti ndi munthu wosabweza mawu?"

"N'chifukwa chake sindinawathyole. Mayi, ine dzina langa ndi…"

"Ayi!" Anaika chikhatho pa bolodi, ngati akutseka pakamwa pake. "Lisungeni. Alifunse okha."

Lachisanu anapachika chitseko pa timawilo. Chinali chopepuka, cha mtundu wa uchi, chokhala ndi kadzenje kamkuwa m'malo mwa chogwirira. Anachiyendetsa kangapo khoma lisanatsekedwe, akumvetsera. Penapake chinkati khwee. Anachitsitsa, n'kupala pang'ono, n'kuchipachikanso. Pansi anakhomerapo kachitsulo kochigwira kuti chisamagwedezeke.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, mayi Anna anamuona pampopi wa kuseri. Anasamba m'manja, kumaso, m'mikono mpaka m'zigongono, kenako anavula nsapato n'kusambitsa mapazi. Anasintha malaya. Anaima pageti mpaka iwo anapita kukamutsegulira, ndipo anatsetsereka msewu wa kokwerera matekisi.

"Mmisiri wathu wapita kuti?" a Yoswa anafunsa akazi awo atabwerera m'nyumba.

"Kukagula misomali."

M'zaka zonse za ukwati wawo, mayi Anna anali asanawanamizepo amuna awo pa chinthu choposa mtengo wa nsapato. A Yoswa anayang'ana chitini cha misomali chimene chinali pakhonde, chodzaza mpaka pakamwa.

"Misomali ya Lachisanu masana," anatero. "Iyenera kuti ndi yolimba."

Mmisiri atabwerako, a Yoswa sanamulamule chilichonse. Anangokhala pachikuku akumuyang'ana mpaka dzuwa linapendeka, nkhope ili ngati mwala umene sunagogodedwe. Mayi Anna anapsereza anyezi kawiri.

Loweruka kunacha bata, mphepo itagona. Mapiri a kummwera ankaoneka pafupi ngati ungawakhudze. Mmisiri anakhoma mabolodi omaliza ndi timasikuluwu tatifupi, akuyeza kalikonse pa chala asanakalowetse.

"Lalitali limabowola n'kukanda chitseko m'kati," anawafotokozera mayi Anna, maso ali kukhoma. "Ndipo pakhoma ili musadzakhomepo msomali, ngakhale wa kalendala. Likuoneka ngati khoma wamba, koma lili ndi mwini wake m'kati."

Anamata mipata, n'kuika mafelemu. Pomaliza anamasula nsalu ija. Chidutswa cha timizere anali atachizunguliza ndi timatabwa ngati chithunzi, ndipo anachimangirira kuchipinda, pakhoma lina, pa msinkhu womwe chinali kale. Anayeza kuchokera pansi kuti zaka zinayi zikhale pa zaka zinayi.

"Yesani, madala."

A Yoswa anayendetsa chikuku m'kakhonde. Anakhota mosagunda kanthu, n'kudutsa pakhomo mawilo onse awiri ali ndi mpata. Anali asanalowe okha m'chipindamo chichokereni kuchipatala. Anayang'ana bedi, zenera, jekete lawo la kumpingo pa hang'ala. Anayang'ana timizere tija nthawi yaitali. Kenako anatembenuza chikuku, n'kuika chala m'kadzenje, n'kukoka. Chitseko chinatuluka m'khoma mopanda phokoso ngati madzi, mpaka chinagunda felemu. Thi.

Mayi Anna ndi mmisiri anatsala m'kakhonde, iye atafinyikira kukhoma kuti asayandikane nawo.

"Shepherd," anaitana a Yoswa m'katimo. "Lowa."

Mmisiri sanasunthe. Mayi Anna anatambasula dzanja kuti amukankhire chitsekocho.

"A Naphiri, ndikukuonani ngakhale sindikukuonani. Manja anu akhale pachitenje."

Anabweza dzanja.

"Ndati lowa. Kapena chafa kale chitseko chako?"

"Chili bwino, madala."

"Nanga?"

Mnyamatayo anagwada pansi, pa fumbi la mabolodi. "Sindingathe, bambo. Pali mawu amene ananenedwa m'nyumba muno."

Mayi Anna anatseka maso. Anadikira kugunda kwa tebulo, ngakhale kuchipindako kunalibe tebulo.

Mawu a a Yoswa atabwera, anali otsika.

"Atasiya kulemba anthu a kwathu ntchito za kumgodi, ine ndinabwerera kuno ndi mapepala a munthu wina. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali Alberto. A Naphiri akudziwa. Kapitawo akakuwa kuti Alberto, ndinkayamba ndayang'ana uku ndi uku kuti Alberto ndani, kenako n'kukumbuka kuti ndine. Dzina lobwereka lili ngati nsapato yobwereka, umayenda nayo koma imachedwa kunyamuka. Iwe ndinakuitana Lachiwiri, unachedwa. Ndinakuitananso Lachitatu, unachedwanso."

"Pepani, bambo."

"Usandidule. Ndinaona munthu akuchotsa chitseko chili chotseka, ndinati uyu ndi wamisala kapena akudziwa kanthu. Ndinaona munthu akuthawa akazi anga ngati ali ndi nthomba. Ine ndinakhalapo pa chikamwini, mfana, ku Dedza, zaka ziwiri. Tchire limene ndinalowa pothawa apongozi anga likanandiyabwabe mpaka lero."

Mayi Anna anaseka mosafuna, misozi ili m'masaya.

"Dzulo ndinafuna kukuthamangitsa. Ndinati ayi, ayambe wamaliza, ndione ngati ntchito isintha akadziwa kuti ndadziwa. Sinasinthe." Anatsokomola. "Ndakugogoda sabata yonse. Ukulira ngati belu."

Chikuku chinalira pang'ono, chikuyandikira chitseko.

"Za chipembedzo sindinagonje. Tidzakhala pansi ndi ankhoswe, ndipo ndidzalankhula mpaka mudzatope. Komanso ine mawu anga sindibweza. Ndinati munthu ameneyo sadzatsegula chitseko cha nyumba ino, ndipo sadzatseguladi. Ukumva?"

"Ndikumva, bambo."

"Tsono Lolemba unandiuza chiyani za chitseko ichi? Unati chotere sititi chiyani?"

Mnyamatayo anatukula mutu pang'onopang'ono. "Sititi kutsegula."

"Timati?"

"Kuperekeza."

"Nanga ukudikira chiyani? Chiperekeze."

Mnyamatayo anatambasula dzanja. Anaika chala m'kadzenje kamkuwa kaja. Chitseko chinayenda pa kanjanji kake, n'kulowa m'khoma chonse, mpaka pakhomopo panangotsala mpata woyera, dzuwa la pazenera litagwera m'kakhonde. Iye anakhalabe chogwada, mawondo ali pamalire.

A Yoswa anamuyang'ana, kenako anayang'ana akazi awo.

"Make Linnet."

Mayi Anna anagwira felemu yatsopano ija. "Bambo?"

"Muimbireni mwanayo. Mawa tikaweruka kutchalitchi adzadye kuno. Mumuuze kuti avale masokosi, ndinamva zonse pazenera. Anthu mumayesa wailesi imatseka makutu." Anatembenukira kwa mnyamata uja. "Ndipo iwe. Ankhoswe akadzabwera, sindingawauze kuti mwana wanga akufunidwa ndi Alberto mnzanga. Mayi ako anakutcha ndani?"

Mnyamatayo anayang'ana kumbali, kumene kunalibe apongozi ake, n'kupukuta manja pa ovolosi ngati dzinalo likufuna manja oyera.

"Salehe, bambo," anatero. "Ndine Salehe Mtalika."